Nanzunga ndi Chingwe cha Kalembera

Padangokhala, ndipo amene muli nane khalani nane, m'masiku amene nyama zinali ndi mafumu, nduna ndi asilikali, Mkango unafa wopanda mwana, ufumu n'kugwera Kambuku.

Atangokhala pampando, Kambuku anaitanitsa msonkhano. Anati iye sangalamulire dziko limene sakulidziwa, choncho kukhala kalembera. Mtundu uliwonse wa nyama uwerengedwe, amuna paokha, akazi paokha, ana ndi nkhalamba zomwe. Anati akadziwa chiwerengero adzagawa bwino malo odyera ndi madzi akumwa m'chilimwe. Nyama zinaomba m'manja, zina mpaka kululutira.

Mkulu wa kalemberayo anali Mwimba, chimbalame chadazi chija chodya zakufa, ndipo womuperekeza anali Fisi, mkulu wa asilikali. Mwimba ankawerenga ndi zingwe za luzi. Mtundu uliwonse unali ndi chingwe chake, mutu umodzi mfundo imodzi. Pomanga mfundozo ankaimba nyimbo yozizira bwino, yonga yogonekera mwana, yoitana aliyense kuti atuluke pamene wabisala chifukwa wosawerengedwa sadzamwa madzi. Pothera pa mzere uliwonse Fisi ankavomera ndi mawu a pansi pa mmero, ngati munthu amene akumeza malovu.

M'chulu china munkakhala misulu, tinyama tija ta mizeremizere kumsana toyenda m'chigulu. Mayi wa mtunduwo anali Nanzunga, wamasiye, wochepa thupi koma wa mutu wothamanga. Onse pamodzi analipo makumi awiri ndi atatu, kuwerengera iye yemwe, ndipo mwana wake wamkazi, Ndaziona, anali ndi pakati, masiku atayandikira.

M'mawa wina Nanzunga akufukula tizilombo, anangoona Nangozo, mayi wa agwape, mnzake wa kalekale, ataima pambali pake.

"Kwagwanji, anzanga? Mwezi umodzi wokha mwatha chonchi?"

"Atiwerenga," anatero Nangozo.

"Nanga si tonse tiwerengedwa?"

"Tinapita tokha, mayi. Tinavina nayo nyimbo yawo ija. Ine ndemwe ndinakatulutsa ana amene ndinawabisa m'udzu kuti nawonso akhale ndi mfundo zawo. Tinapezeka makumi asanu ndi limodzi. Mwezi utangooneka anabwera a Fisi ndi chingwe chija, amvekere lamulo la mfumu likuti pa mitu khumi iliyonse, mutu umodzi ndi wa kunyumba ya mfumu. Anatenga asanu ndi mmodzi. Awiri anali anga."

Nanzunga anasiya kufukula.

"Bwanji osathawa?"

"Tithawire kuti? Akuti mwezi uliwonse azitiika pamzere n'kumayerekeza ndi chingwe. Akasowa mmodzi, azitenga awiri m'malo mwake."

"Onse akuwatero?"

"Mbawala, njiri, nkhanga, onse. Njati zokha ndiye sanazikhudze. Akuti zinapezeka mazana awiri ndi kuposa, a Fisi anangoyang'ana chingwecho n'kubwerera. Konzekani, anzanga. Ndamva kuti mawa ndi kwanu kuno."

Kutacha, Nanzunga analowetsa ana ndi achinyamata onse m'kati mwenimweni mwa chulu, nawauza kuti wotsokomola atsokomolere m'mimba. Panja anatsala iye ndi nkhalamba zinayi. Dzuwa lisanakwere, nyimbo ija inamveka ikubwera, yozizira, yonyengerera, Fisi akuvomera pambuyo. Nkhalamba ina inayamba kugwedeza mutu motsatira nyimboyo, Nanzunga n'kuiponda phazi.

Mwimba anatera, natambasula chingwe chatsopano.

"Odi, eni chulu."

"Fikani, bwana mlembi. Ndife tomwe mukutionafe."

Nkhalamba zinadutsa imodziimodzi, Nanzunga pomalizira. Podutsapo anaona chinthu chimodzi: Mwimba pomanga mfundo ankagwira chingwe ndi zala, n'kumakoka ndi mlomo, mutu uli zyoli. Nkhope ya wodutsayo sankaiona, ankangoona mapazi.

"Asanu okha?" anafunsa Mwimba atadzutsa mutu.

"Matenda anatitha chaka chatha, bwana."

"Pepani kwambiri. Koma mwatipeputsira ntchito. Lamulo likuti mtundu wosafika khumi sitiusungira chingwe, luzi likuvuta kupeza. Otero amangomalizidwa tsiku lomwelo, malo awo n'kupatsidwa ena. A Fisi, ndi anu awa."

Fisi anasendera, malovu ali chuchuchu. Nanzunga anamva fungo la m'kamwa mwake.

"Dikirani, bwana! Kodi mukuwerenga onse, kapena okhawo amene mwawapeza pakhomo?"

"Onse."

"Mayo ine, umbuli! Ndimayesa mukufuna opezeka pakhomo. Ena anapita kukafuna chakudya, abwera madzulo."

"Nanga matenda aja?"

"Anatitha ndithu, koma amene anatsala anaberekana."

"Alipo angati?"

"Ine kuwerenga ndikudziwa ngati, bwana? Si n'chifukwa chake mfumu inatuma inu?"

Mwimba anamuyang'ana nthawi yaitali ndi diso limodzi, kenaka anamasula mfundo zisanu zija.

"Tibwera mawa. Aliyense akhale pakhomo."

Atachoka, Nanzunga anakhala pansi kuganiza. Kuchepa kunali imfa ya tsiku limodzi. Kunena zoona kunali kupereka awiri mwezi uno, awiri mwezi wamawa, mpaka chulu chizizire. Ndiye anakumbukira njati. Anati mumtima mwake: zija zinapulumuka chifukwa chochuluka, ifenso tichuluke.

Anasonkhanitsa onse nati, "Chulu chathuchi chili ndi makomo ambiri. Mawa aliyense atulukire khomo lakum'mawa, adutse pamaso pa a Mwimba, alowere khomo lakumadzulo, adutse m'kati, atulukirenso kum'mawa. Kakhumi aliyense. Osathamanga, osaseka, osayang'ana a Fisi."

"Nanga ine, amayi, ndi mimbayi?" anafunsa Ndaziona.

"Iwenso. Ukatopa uziluma mano."

M'mawa mwake nyimbo inayambanso, ndipo tsiku limenelo inatalika. Misulu inkatuluka, n'kudutsa, n'kulowa, n'kutulukanso, pamene Mwimba mutu uli zyoli ankangomanga mfundo. Luzi linatha, analumikiza lina. Mawu ake anasasa, koma Fisi ankavomera mokweza kuposa dzulo, maso ali psuu. Wotsiriza atalowa, Mwimba anayendetsa mlomo pachingwe kuyambira kumutu mpaka kumchira.

"Mazana awiri ndi makumi atatu," anatero.

"Ndife mtundu waukulu, bwana," anatero Nanzunga, akuyesa kulimbitsa mawu. "Ngati njati."

Mwimba anaseka, khosi lake losendeka lija likugwedera.

"Njati? Mayi inu, njati tinazisiya chifukwa cha nyanga, osati chifukwa cha chingwe. Inu nyanga zanu zili kuti? Pa khumi mmodzi. Ndiye kuti mwezi ukaoneka mupereka makumi awiri ndi atatu."

Nanzunga anawerenga chamumtima. Makumi awiri ndi atatu! Ndiwo anali onse, kuyambira iye mwini mpaka kamwana koyamwa. Anatsegula pakamwa kuti aulule, koma Mwimba anamudula.

"Ndisanaiwale, mayi. Pali ena amene amayesa kunamiza chingwe, kuchepetsa kapena kuonjeza. Otero mtundu wawo wonse umafa, ndipo mayi wawo amafa pomalizira kuti aone. Inu dzulo tinakukhululukirani chifukwa cha umbuli. Munafuna kunena kanthu?"

"Ayi, bwana."

"Chabwino. Mwezi uoneka pakapita masiku anayi. Mtundu waukulu chonchi mfumu idzabwera yokha kudzauona. Koma paja ndaona mapazi ena olemera, oyenda motangadza. Muli ndi wapakati?"

Fisi analowetsa dzanja m'khomo lakumadzulo, n'kutulutsa Ndaziona amene anali akupumira pamenepo. Mwimba anamugunda pamimba ndi mlomo, pang'onopang'ono, ngati wofufuza dzungu ngati lakhwima.

"Muno muli atatu, mwina anayi," anatero, namanga mfundo zinayi zolobodoka kumapeto kwa chingwe. "Izi tidzazikoka akabadwa. Ameneyu tikumutenga, akakhale kwa mfumu kuti musaganize zosamuka. A Fisi, mukamusiya mubwerere, mudzalondere chuluchi."

"Amayi!" anakuwa Ndaziona ali m'kamwa mwa Fisi.

Nanzunga anathamangira, koma nkhalamba zinamugwira. Anangoona mchira wa mwana wake ukulendewera mpaka kuzimiririka.

Tsiku loyamba Nanzunga sanadye, sanalankhule. M'chulu monse munali zii, ngakhale ana sankasewera. Aliyense akamuyang'ana, iye ankayang'ana kumbali, podziwa kuti nzeru zake ndizo zinawafikitsa pamenepa. Panja Fisi anali atagona pakhomo lakum'mawa, m'mimba mwake mukulira moti m'chulu ankamva.

Tsiku lachiwiri Nanzunga anamvetsera kulira kwa mimbako nthawi yaitali. Kenaka anasuzumira.

"Mwaswera bwanji, achimwene?"

"Bwerera m'dzenje."

"Ndikubwerera. Ndimangofuna kufunsa, popeza inu mumayenda ndi akuluakulu. Chingwe cha afisi n'chachitali bwanji?"

"Ife sitiwerengedwa. Ndife a kubwalo."

"Oho. Ndiye chifukwa chake."

Anabweza mutu. Sipanapite nthawi, mphuno ya Fisi inatsekereza khomo.

"Chifukwa chake cha chiyani?"

"Palibe, achimwene. Nkhani za akuluakulu."

"Nena!"

"Agwape asanu ndi mmodzi aja, inu munadyapo angati?"

Fisi anati, "Ziboda. Ndi mutu umodzi, tonse asanu ndi anayi."

"Nanga mbawala?"

"Mafupa."

"Ndiye mukudabwa? Dziko lino tsopano likuyendera chingwe. Amene alibe mfundo, mfumu ikamagawa imamuona bwanji? Inu mumanyamula, mumalondera, mumavomera nyimbo mpaka kukhosi kuuma, koma pachingwe palibepo ngakhale fisi mmodzi. Ndiye kuti mulibe pakamwa."

Fisi anachokapo, koma tsiku lonselo ankangozungulira chulu, akudziyankhula yekha.

Tsiku lachitatu Fisi anaitana yekha.

"Iwe mayi, tuluka. Ngakhale atiwerenge, tilipo asanu ndi anayi basi. Gawo la asanu ndi anayi n'chiyani?"

Apa Nanzunga anasuzumira pakhomo. Anadziwa kuti mawu amene akufuna kunenawo akhoza kupha chulu chonse dzuwa lisanalowe. Anayang'ana m'mbuyo, naona timaso ta ana tili ng'aning'ani mumdima wa dzenje. Anatuluka yense, nakhala pakati pa miyendo ya Fisi.

"Achimwene, ife mukuona ngati tilipo angati?"

"Mazana awiri ndi makumi atatu. Ndinalipo."

"Tilipo makumi awiri ndi atatu."

Fisi anadzuka, ubweya wa pakhosi uli nyaunyau.

"Wanamiza chingwe! Ndikukanena pompano!"

"Pitani. Mfumu itidya tonse tsiku limodzi, inu ikupatsani michira, mugawane asanu ndi anayi. Kapena khalani pansi ndikuuzeni mmene makumi awiri amasandukira mazana awiri pamaso pa a Mwimba, inu muli pomwepo osaona kanthu."

Mano a Fisi anali pamwamba pa mutu wa Nanzunga. Dontho la malovu linamugwera pakhutu, koma sanasunthe. Patapita nthawi, Fisi anakhala pansi.

"Nena."

Nanzunga anafotokoza za mutu wozyolika wa Mwimba, ndi za kuzungulira. Anati afisi m'chulu sangalowe, koma akhoza kuzungulira kuseri kwake n'kumatulukira mbali inayo.

"Mawa mfumu isanayambe za ife, mugwade mupemphe kuti nanunso muwerengedwe. Muzungulire kakhumi, musapitirire. Mukakhala makumi asanu ndi anayi, gawo lanu lidzaposa la wina aliyense."

"Bwanji kakhumi kokha?"

"Kakhumi n'kokwanira, achimwene. Musachite dyera."

Fisi anaseka chikhakhali, nathamanga kukauza abale ake. Nkhalamba zinati uwu ndiwo mpata, tithawe. Nanzunga anati amene akufuna apite, iye sachoka popanda Ndaziona. Palibe anapita.

Tsiku lachinayi, dzuwa lili pamutu, Kambuku anafika. Anayenda mosapanga phokoso, moti anangomuona ataima kale. Iye mwini anali atanyamula Ndaziona, namuika pansi, n'kugona pamthunzi patsogolo pa chulu, dzanja lake lili pamsana pa mwanayo. Zikhadabo anali atazibweza, koma nsonga zake zinkaoneka. Ndaziona sankalira, ankangopuma mofulumira, maso ali pa amake.

"Mayi wa misulu ndi uti?" anafunsa Kambuku, mawu ake ofatsa.

Nanzunga anakwawa, naomba m'manja. "Ndine kapolo wanu, mfumu."

"Ndamva kuti mwaberekana bwino. Ndakondwa. Khalani pafupi nane pano, muziona. Mwimba, yamba."

Pamenepo Fisi anadzigwetsa pansi.

"Zikomo mfumu, pepani kukudulani. Ife asilikali anu tili ndi dandaulo. Mitundu yonse ili ndi zingwe, ife tokha tilibe. Tikupempha tiwerengedwe, kuti pogawa muzidziwa kuti pakamwa pathu ndi pangati."

Kambuku anayasamula. "Timagulu tanu tija? Chabwino, Mwimba, awerenge msanga, tione za phindu."

Mwimba anatenga chingwe chatsopano, nazyolika, nyimbo n'kuyamba. Ulendo uno ovomera anali ambiri, ndipo mawu awo a pansi pa mmero ankanjenjemeretsa nthaka. Fisi woyamba anatulukira kuseri kwa chulu, nadutsa, nazimiririka mbali inayo. Wachiwiri, wachitatu. Fumbi linakwera, moti Kambuku ankangoona misana yotsetsereka ikutuluka m'fumbimo n'kulowanso, wina pambuyo pa mnzake, osatha.

Nanzunga ankawerenga chamumtima. Kakhumi kanakwana, afisi sanaime. Kamakumi awiri, sanaime. Luzi linatha, Mwimba analumikiza lina, linathanso. Nyimbo yozizira ija inasanduka yothamanga, afisi akuvomera ndi kuseka pamodzi.

Mchira wa Kambuku unasiya kugwedera.

"Mfumu ili ndi mwayi," ananong'ona Nanzunga. "Asilikali onsewa! Ine ndimayesa alipo ochepa."

Kambuku anayang'anitsitsa m'fumbimo. Dzanja lake linalemera pamsana pa Ndaziona, mwanayo n'kutulutsa kamawu kochepa. Nanzunga anaona kadontho ka magazi pamene chikhadabo chinaboola. Anafuna kukhala chete, koma anadziwa kuti akaima apa zonse zatha.

"Komanso ndi omvera, mfumu. Taonani mmene akumvera a Fisi. Atati kumanja, onse kumanja. Kaya amakhala kuti masiku onsewa osaoneka? Paja a mtundu wanu, mfumu, alipo angati m'dziko muno?"

"Khala chete," anatero Kambuku. Mawu aja sanalinso ofatsa.

Pomaliza afisi anaima kuseri kwa chulu, ali wefuwefu, ndipo mkulu wawo anabwera yekha kudzagwada, lilime lili panja, nkhope ili mwee. Mwimba anayendetsa mlomo pachingwe, nthawi n'kupita ndithu.

"Mazana atatu ndi makumi asanu ndi limodzi, mfumu."

"Mwamva, mfumu," anatero Fisi. "Ndiye gawo lathu..."

"Ndamva," anatero Kambuku. "Zaka zonsezi umandiuza kuti mulipo ochepa, uku ukubisa gulu lankhondo kuseri kwanga. Umadikira chiyani? Mwimba, lamulo likuti bwanji pa mtundu umene uli pachingwe?"

"Pa khumi mmodzi, mfumu. Makumi atatu, kudza asanu ndi mmodzi."

"Ndiwafuna lero. Ndipo woyamba ndi uyu."

Fisi nkhope inagwa. "Mfumu, ayi! Ife ndi a kubwalo! Ndiponso sitilipo ambiri chonchi, tilipo asanu ndi anayi okha, timangozungulira!"

"Ndiye kuti mwanamiza chingwe," anatero Mwimba mosakweza mawu. "Pamenepo lamulo likuti mtundu wonse."

"Si ife! Ndi kamayi ako, ndi kamene kanati..."

Sanamalize. Kambuku anali atadumpha kale, ndipo podumphapo dzanja lija linachoka pamsana pa Ndaziona. Nanzunga anamuluma mwana wake pakhosi ngati kakhanda, namukokera kukhomo lakum'mawa. Mimba inakanirira pakhomo. Kumbuyo kwawo kunali kubangula ndi kulira, dothi likuwagwera. Nanzunga anakankha ndi mutu, a m'kati anakoka, mpaka Ndaziona anagwera m'kati, phi!

"Tulukirani khomo lakumpoto nonse," anatero Nanzunga. "Osayang'ana m'mbuyo. Ndikupezani."

Iye anabwerera kukasuzumira. Afisi asanu ndi atatu aja, atamva mkulu wawo akulira, anatulukira kuseri kwa chulu onse pamodzi. Anabwera ndi mantha, koma atamuzungulira Kambuku anaona okha kuti iye ndi mmodzi. Wina anamuluma mwendo, wina mchira. Kambuku anapha awiri, koma m'fumbi lija sankadziwa ngati akubwera ndi asanu ndi atatu kapena mazana atatu. Anadzimasula, magazi ali chuu, nathawira mumtengo, n'kukakhala panthambi ya pamwamba penipeni. Afisi otsalawo anayamba kulumana okhaokha, aliyense akuti ufumu ndi wake.

Zingwe zonse zinali mbwee pansi, pamene Mwimba anazisiya pothawa mano. Nanzunga anathamangira pomwepo. Anayamba ndi cha misulu, nachitafuna mfundo ndi mfundo mpaka chinasanduka nyenyeswa. Kenaka cha agwape, cha mbawala, cha nkhanga, cha njiri. M'kamwa munatuluka magazi, koma sanasiye.

Atadzutsa mutu, anaona Mwimba ataima pachulu, akumuyang'ana ndi diso limodzi lija. Sanakwiye, sanayesenso kumuletsa.

"Tafunani, mayi," anatero. "Luzi limamera chaka chilichonse. Mfumu ina idzabwera, ndipo mfumu iliyonse imafuna kudziwa kuti ili ndi angati. Idzandiitana ine ndemwe. Komanso ndamva zimene a Fisi amafuna kunena. Ulendo winawo sindidzayang'ana mapazi."

Anatambasula mapiko, nakwera kumwamba.

Nanzunga anawapeza anzake ali kutali ndithu, akuyenda mothithikana, Ndaziona ali pakati. Anayenda tsiku lonse ndi linzake, osagona pamalo amodzi kawiri. Tsiku lachitatu masana Ndaziona anati sangathenso kuyenda. Anamulowetsa m'phanga la mtengo wakugwa, amayi okhaokha n'kulowa naye, ena onse ali panja kudikira, wina ataima ndi miyendo iwiri kuyang'ana kumwamba.

Patapita nthawi kunamveka timawu tating'ono. Nanzunga anatuluka, thukuta lili kamukamu. Nkhalamba ina, ija inkagwedeza mutu ndi nyimbo, inathamangira kwa iye mokondwa.

"Zayenda bwino? Abadwa angati?"

Nanzunga anaitseka pakamwa ndi dzanja. Chithunzithunzi cha mapiko chinadutsa pansi pang'onopang'ono, chinazungulira, n'kudutsanso. Onse anaima chilili, osapuma, mpaka chinapita.

Atachotsa dzanja lake anati, "Abadwa. Ali moyo. Tiyeni tizipita."

Kuyambira pamenepo misulu siikhalitsa m'chulu chimodzi, ndipo ikaona mlendo siima pamzere, imangoti piringupiringu, uyu kulowa uyu kutuluka, kuti diso lisaigwire. Mayi akafuna kudziwa ngati ana ake onse alipo, amawanunkhiza mmodzimmodzi, koma chiwerengero chake sachitchula ngakhale kwa mwamuna wake. Ndipo mukaona Mwimba akuzungulira kumwamba dzuwa lili pamutu, osakupiza mapiko, mutu ataweramitsa, musayese ngati akungouluka. Akadali pantchito.

Yanga yathera pamenepa. Amene anasiya mbatata paphulusa akaione, ingapserere.